Dzina la mwana wa achimwene

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene banja lathu linakangana pa dzina la khanda. Tinkakhala pa esiteti ya fodya ku Chiosya, komwe Ababa anabwera kuchokera ku Machinga kudzagwira utenanti. Asilamu tinali ochepa, mabanja oti ungawawerenge pa zala, ndipo anzathu achikhristu akafuna kupha mbuzi ankaitana Ababa kuti adzazinge, kuti nyamayo tidye tonse.

Chinali chaka cha 2001, nyengo yothirira nazale za fodya, dzuwa likuwotcha mpaka kumapazi. Panali patangopita milungu yochepa ndege zitagunda nyumba zazitali ku Amereka. Ife tinangomva pa wailesi, koma achimwene anga a Saidi, amene ankapalasa njinga yonyamula anthu kuboda ya Mchinji, anaziona pa kanema. Tsiku lina anafika atavala malaya okhala ndi nkhope ya munthu wandevu amene ankanenedwa kuti ndiye anatuma ndegezo. Anati anagula kwa dalaivala wa thiraki, ndipo anyamata ambiri kuboda ankawasirira.

Kusukulu anzanga anali atazolowera kundiseka chifukwa cha mpango wanga wakumutu. Achimwene atadutsa ndi malaya aja pafupi ndi sukulu, kusekako kunatha. Ana anayamba kundipatukira. Nditawafotokozera achimwene zimenezi, anaseka n'kunena kuti tsopano dziko laphunzira kutiopa. Ndinawakhulupirira, chifukwa kwa ine munthu wokhala kuboda ankadziwa zonse.

M'masiku omwewo alamu anga a Mariamu, akazi a achimwene a Saidi, anachira, mwana wamwamuna. Mwambo wathu ndi wakuti pakatha sabata mwana amametedwa, amapatsidwa dzina, ndipo amamuzingira mbuzi. M'mawa wa tsikulo achimwene analengeza kuti mwanayo atenga dzina la munthu wa pamalaya uja.

Ababa atamva anapitiriza ntchito yawo. Anali kuseri kwa chigafa cha fodya akunola mpeni, ndipo anandituma kukatenga madzi m'beseni kuti mbuzi imwe, kenako kukamangirira inzake kutali. Achimwene anawatsatira komweko. Analankhula nthawi yaitali. Anati Asilamu akhala akuphedwa m'mayiko ambiri popanda wowalirira, ndipo ngakhale tsiku lomwelo mabomba ankagwa pa midzi ya anthu osauka amene sanaonepo ndege pafupi. Anati munthu mmodzi yekha ndiye analimba mtima kubwezera.

Ababa anavomera kuti za midzi yophulitsidwayo n'zoona, ndipo iwonso zinkawasowetsa tulo. Kenako anaika mpeni pansi.

"Saidi, n'chifukwa chiyani ndikunolera kuseri kuno?"

Achimwene anayankha kuti chipembedzo sichilola kuti chiweto chione mpeni ukunoledwa, kapena kuona chinzake chikuzingidwa.

"Ndiye Mulungu amene amatiletsa kuopseza mbuzi, angakondwere ndi munthu wowotcha anthu amene anangodzuka kupita kuntchito? M'nyumba zija munali osesa, ophika tiyi, amayi oyembekezera. Anakulakwira ndani mwa iwo?"

Achimwene anati pankhondo sipasankhidwa. Ababa anati Asilamu oyamba ankasankha, ankaletsedwa kukhudza mwana, mayi, nkhalamba, ngakhale kudula mtengo wa zipatso. Apa ine ndinalowerera, ndikuganiza kuti ndikuthandiza achimwene. Ndinati kusukulu anasiya kundiseka chifukwa tsopano amandiopa.

Ababa anandiyang'ana n'kundifunsa kuti masiku ano ndimapita ndi yani kuchitsime. Esinati, mwana wa a kapitawo, amene tinkatunga naye madzi madzulo alionse, anali atasiya kudzandiitana. Ndinali nditaziona, koma sindinaziphatikize ndi malaya aja.

Ababa ananena mosakweza mawu kuti mwana ndi wa achimwene, angamutche dzina lililonse, koma iwo sazinga mbuzi pa dzina limenelo. Anthu anali atayamba kufika, achikhristu ndi Asilamu omwe, atakhala pa mikeka pansi pa mtengo wa mango. Amayi ankangopukuta mbale zouma kale.

Amene anamaliza nkhaniyo anali alamu. Anatulukira pakhomo mwana ali m'manja, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo analankhula ndi amuna awo osawayang'ana kumaso.

"Inu mumakhala kuboda. Woitana dzinali m'mawa ndi madzulo ndine. Ndine ndidzaime nalo pamzere kusikelo, amayi anzanga akumva. Sindinavutike miyezi yonseyi kuti ndizikumbutsa anthu maliro."

Achimwene anakwera njinga n'kuchoka. Alendo anabalalika mwakachetechete, mbuzi inabwerera m'khola, ndipo mwana anagona wopanda dzina. Patapita masiku angapo achimwene anabwerako atanyamula sopo ndi chitenje cha ku Chipata. Sanapepese, ndipo palibe anawafunsa. Anangouza Ababa kuti asankhe okha dzina. Mwanayo anatchedwa Idrisa.

Sindinganene kuti achimwene anasintha maganizo tsiku limenelo. Kwa zaka zingapo iwo ndi Ababa ankatsutsanabe akamachokera kumzikiti Lachisanu, wina akukankha njinga, wina atapinda mkeka wopempherera m'khwapa. Ine ndinapita ndekha kwa Esinati ndi ndowa yanga, ndipo zinatenga nthawi kuti amayi ake amulolenso kuyenda nane.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo nthawi zina mwana amandifunsa ngati Asilamu timagwirizana ndi opha anthu. Sindikwiya. Ndimamuuza kuti funsolo tinayamba kufunsana tokha, m'nyumba zathu, iye asanabadwe. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mkwiyo wa achimwene unali ndi zifukwa zenizeni, ndipo Ababa sanazikane ngakhale kamodzi. Anangokana kuti ululu wa anthu athu ulipiridwe ndi magazi a munthu wosalakwa. Idrisa anakwatira chaka chatha, ndipo mbuzi ya paukwati wake anazinga ndi bambo ake.