Dilamu la Kachasu Kuseli kwa Joana

Joana anabwela ku Zambia ali mtsikana, pothawa nkhondo ya ku Mozambique pamodzi ndi amai ake, a Rita. Nkhondo itatha anzawo anabwelela, koma iwo anatsala kwa Ndake, Joana nkumagulitsa nthochi pamabasi ku Nyimba. Zinali zaka zimene zipani zinachuluka, malonda nawonso nkumasuka. Aliyense anali ndi chogulitsa, ena mpaka mabotolo amene ankati amachiza matenda onse.

Nthawi imeneyo a Rita anadwala khansa ya m'bele. Kuchipatala anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu nkuwabweza kunyumba. Chilonda chinaphulika, chinayamba kununkha. Amai a kumpingo, amene kale ankaimba nawo limodzi, tsopano ankangoima pakhomo, kupemphela mwachangu chitenje chili pamphuno, nkubwelela.

"Ululu ndipilila, mwanawe," anatelo a Rita. "Koma kufa ngati galu, popanda wondikhalila pafupi, ai."

Joana sanagule botolo lililonse la pamsika. Anapita kwa nesi, yemwe anamuuza kuti fungolo limabwela ndi tizilombo ta m'chilonda. Joana atamufunsa ngati masamba a bulugamu angathandize, nesiyo anati, "Khansa sachiza. Pachilonda musaikepo. Koma nsalu ndi mphasa chapilani."

Madzi owilitsila masamba ankanunkhila pang'ono, fungo loipa nkubwelanso. Joana anaganiza zotulutsa mafuta enieniwo. Anakabweleka dilamu ndi paipi kwa a Vitalis, otcheza kachasu odziwika m'mudzimo. Anadzaza masamba m'dilamu, anamata pakamwa ndi dothi, paipi nkuidutsitsa m'madzi ozizila. Atasonkha moto, m'botolo la kumapeto kwa paipi munayamba kudontha madzi, pamwamba pake timafuta tikuyandama.

Mafutawo anakana kusakanikilana ndi madzi, ndipo atawayesa pamkono pake anamuotcha. Sanafooke. Anapala sopo pang'ono, anathila m'botolo la madzi owilitsa pamodzi ndi mafutawo, nkukhutchumula mpaka mikono inalema. Madzi anayela ngati mkaka. Ndiwo anayamba kuchapila nsalu, mphasa ndi pansi pomwe.

Koma dilamu la a Vitalis aliyense ankalidziwa. Utsi utaoneka kuseli kwa Joana, mbili inafika kumpingo. Lachinayi amai Josephine, mtsogoleli wa amai, anafika ndi anzawo awili, onse mu yunifomu.

"Amai ako ali gone, iwe ukutcheza kachasu?" anakalipa amai Josephine. "Nthochi zaleka kuyenda?"

"Lawani, amai," anayankha Joana, akuwapatsa botolo. "Mukaledzela ndikubelekani ndekha mpaka kwanu."

Amai Josephine ananunkhiza mosafuna, nkuyetsemula. "Uyu ndi bulugamu! Wa chani?"

"Ndinena mutalowa. Pakhomo sindiyankhilapo."

Anayang'anana atatuwo. Kubwelela kunali kochititsa manyazi, ndiye anawelama nkulowa, zitenje zili kale m'manja. Palibe amene anafikitsa chake pamphuno. Fungo la chilonda linalipo ndithu, koma chapatali. M'nyumba munali ngati pansi pa mitengo mvula itangokata.

"A Josephine, mwasochela?" anaseka a Rita ali pamphasa. "Kapena mwamva kuti kuno kuli mowa?"

Amai Josephine anakhala pansi, anagwila dzanja la wodwalayo. A Rita ndiwo anayambitsa nyimbo, ndi mau aang'ono osasa, enawo nkuvomela.

Khansa sinabwelele m'mbuyo. A Rita anamwalila chimanga chikuuma m'minda, koma Lachinayi lililonse mpaka pamenepo m'nyumba munkasowa pokhala. Dilamu lija Joana sanabweze msanga. Amai Josephine omwewo ndiwo anakapempha a Vitalis kuti alisiye kaye, poti kumudzi kwa Mwape kunali wodwala wina amene anthu anayamba kumuimila pakhomo. M'mawa mwake Joana anasiyila mnzake nthochi, nkupita kukathyola masamba.