Kusala kwanga kwabodza m'sitima ya ku Limbe

Ndivomere kuti ndinanamiza bambo wina m'sitima yochokera ku Balaka. Anali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ndipo ankapita ku Blantyre kukakonzekeretsa ana asukulu zionetsero zamasewera. Anandifunsa za kwathu, za koleji yanga, za aphunzitsi anga. Masiku amenewo a ulamuliro wa chipani chimodzi mafunso otere ankasowetsa anthu, choncho ndinamuyesa kazitape.

Atandipatsa chinangwa chophika, ndinaopa kuti tikadyera limodzi ndiyamba kulankhula zambiri. "Iyayi, ndikusala kudya," ndinatero, ine wosasala ngakhale Lachisanu Loyera.

"Pepani achimwene, sindingadye inu mukuona," anatero, nakulunganso chinangwacho. Anakhala ndi njala mpaka ku Limbe.

Kumeneko anandipeza kuseri kwa siteshoni masanasana, chitumbuwa chili m'kamwa.

"Achimwene," anatero akumwetulira, "kwanuko dzuwa limalowa msanga eti?"