Mwana wa Tenanti Kunyanja

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ndinaona nyanja koyamba. Anthu akamva zimenezi amayembekeza kuti ndisimba za chisangalalo, koma linali tsiku lowawa, ndipo kuwawa kwake kunafika mpaka kunyumba kwathu.

Ife kwathu n'ku Phalombe, koma ndinakulira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Malomo, kumene abambo anga anali tenanti. Tinkakhala m'kanyumba ka udzu kuseri kwa zigafa, ndipo zovala zathu zinkanunkha fodya ngakhale uzichape chotani. Kusukulu ya mishoni kumene ndinkaphunzira, ana ambiri anali a eni dera: ana a aphunzitsi, a akulu a mpingo, a alimi okhala ndi minda yawoyawo. Ife ankatitcha "akufodya". Ndikayankha funso m'kalasi, wina kumbuyo ankabwereza mawu angawo mokoka, kuseka kalankhulidwe kathu ka kummwera. Anzanga a pa esiteti anali atasiya kale sukulu n'kumasoka fodya, choncho m'kalasi lonse wakufodya ndinatsala ndekha.

Ulendo wa kunyanja unali wa kalabu ya zachilengedwe, imene ankaiyang'anira a Madamu Mbewe. Ine sindinali m'kalabuyo, ndipo sanandiitanepo. Koma galimoto inawasowa, mpaka anakapempha lole kwa mwini esiteti yathu. Iye anavomera, nati mwana wa tenanti aliyense wa m'kalasilo apite nawo. A Madamu sakanakana, chifukwa amuna awo anali kalaliki pa esiteti yomweyo. Anandiitana nthawi yopuma, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anga opanda nsapato.

"Esinati, ukupita nawo chifukwa cha lole," anatero. "Ukhale ukudziwa zimenezo."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, nkhungu idakali yokuta mapiri. Amayi anandikulungira mbatata yophika m'kapepala, n'kundibwereka chitenje chawo cha kutchalitchi. Nditakwera m'lole, Lavunesi, mwana wa mkulu wa mpingo, amene atsikana onse ankamutsatira, anagwira mphuno.

"Takhalira uko iwe, tifa ndi chikonga ife."

Onse anaseka, ndipo ndinakakhala kumapeto, pa tayala la sipeya, pamene fumbi lonse linkathera. Tinatsika mapiri kudutsa m'nkhalango, kuzizira kukutha pang'onopang'ono, makutu akutseka. Anzanga ankaimba nyimbo ya kwaya imene ndinkaidziwa bwino. Nditalowerera, Lavunesi anasiya kuimba, ena onse n'kusiyanso, mawu anga okha n'kutsala m'mwamba. Ndinatseka pakamwa mpaka tinafika.

Nyanja ndinaiona tili patali, ndipo poyamba ndinkayesa utsi wa moto wolusa. Titatsika, mchenga unandiwotcha mapazi. Pagombe pankatidikira boti la injini, ndi mwini wake, bambo wamfupi wa mawu osasa, amene anali atakwiya kale chifukwa tinachedwa. Anatiponyera majekete oyandamitsa a mtundu wa lalanje ngati akuponyera nkhuku madeya. A Madamu anandigwira paphewa.

"Iwe utsala, uziyang'anira zikwama."

Dalaivala wa lole, amene anali atayala kale katoni pansi pa mtengo kuti agone, anadzutsa mutu. "Zikwama ndiziona ndine, Madamu. Bwana anati onse akwere. Ndikakafunsidwa ndikayankha chiyani?" Sanalankhule chifukwa chondikonda, ankaopa ntchito yake. Koma mawu amenewo ndiwo anandikweza m'boti.

Malo anga anali pafupi ndi injini. Utsi wa petulo unkandilowa m'mphuno, boti likukwera ndi kutsika, ndipo tisanafike pakati mbatata ya amayi inabwerera yonse. Ndinasanzira m'madzi, ndikugwira m'mphepete mwa boti ndi manja onse awiri. Anyamata anaombera m'manja. A Madamu anangoti, "Mwaona? Zinthu zina si za aliyense."

Tinakocheza pa kachilumba ka miyala yokhayokha, yoyera ndi zitosi za mbalame. Mwini boti anamanga chingwe kuchokera ku boti kukafika pa mwala wina, pamadzi ofika m'chifuwa. Kenako anatulutsa magalasi oonera pansi pa madzi, aliwonse ali ndi kapaipi kake kopumira. Analipo atatu okha. Anatiuza mwachidule, mosaleza mtima, kuti tigwire chingwe, tilume kapaipi, tipume ndi pakamwa, ndipo jekete litiyandamitsa lokha.

Lavunesi anakweza dzanja ngati tili m'kalasi. "Madamu, uyu akayamba kuluma kapaipiko, ine sindikayika m'kamwa mwanga. Wangosanza kumene, komanso sitikudziwa zimene amadya kwawoko."

"Iye akhala womaliza," anatero a Madamu, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinakhala pamwala, dzuwa likundiwotcha m'khosi, jekete likundifinya m'khwapa. Anzanga ankalowa atatuatatu, n'kumatuluka akukuwa kuti aona nsomba zobiriwira, zachikasu, zamizeremizere. Onse atatha ndinaimirira, koma Lavunesi anali atavala kale magalasi kachiwiri. Anzake anamutsatira, nawonso kachiwiri.

"Dikira nthawi yako," anatero a Madamu. "Ulibe mwambo eti?"

Ndinakhalanso pansi. Sindinalire. Posakhalitsa mwini boti anayang'ana kummwera kumene madzi anayamba kuda, nalavula malovu.

"Mwera uwo. Tulukani, tizipita."

Anthu anayamba kukwera m'boti. Palibe anatchula dzina langa. Mnyamata wina anavula magalasi ake n'kuwasiya pamwala, pafupi ndi phazi langa. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangowatola, kuwavala, kutsetsereka pamwalapo n'kugwira chingwe.

"Esinati! Tuluka msanga! Ndikukuuza iwe!" anakuwa a Madamu.

Ndinamiza nkhope. Poyamba madzi analowa m'kamwa, ndinatsamwa, ndinatsokomola. Ndinaluma kapaipiko mwamphamvu n'kuyesanso. Phokoso lonse linazima. Ndinkangomva mpweya wanga wokha ukulowa ndi kutuluka. Pansi panga miyala inkatsika mosanjikizana mpaka kukasowa mumdima wobiriwira, ndipo paliponse panali nsomba. Zina zinali zamtundu wa yunifolomu yathu isanasuluke, zina zachikasu ngati dzira, zina zamizere yakuda m'nthiti. Zinkabudula ndere pamiyala monga mbuzi zimabudulira msipu, osandilabadira. Kansomba kamodzi kanabwera mpaka pagalasi, kanandiyang'ana, kakugwedeza timapiko take, kenako kanatembenuka mosafulumira. Kuwala kwa dzuwa kunkavina pamsana pa zonsezo.

Ndinkamva kuti kumwamba akundikuwira, mawu ake akufika ngati njuchi zili patali. Ndinkadziwa bwino kuti akuitana ine. Sindinadzutse mutu.

Anandikoka ndi mwini boti, pogwira jekete kumbuyo kwa khosi, n'kundigwetsera m'boti ngati thumba la feteleza. Ndisanavule magalasi, khofi la a Madamu linafika. M'mphepete mwa galasi munandicheka pamphuno, magazi n'kuyamba kudontha pa chitenje cha amayi.

Pobwerera nyanja inali itasintha. Mafunde ankamenya boti cham'mbali, madzi akutithira, ana akukuwa, ena akuitana amayi awo. Lavunesi analira mokweza kuposa onse. M'madzimo sindinakhalemo nthawi yoposa imene munthu amatunga chidebe pa mjigo, ndipo mwera ukanatipezabe panjira. Koma mantha amafuna munthu womuloza chala, ndipo munthuyo anali atakhala kale pafupi ndi injini.

"Mfiti iwe! Ukufuna kutiphetsa!" anakuwa Lavunesi, ndipo ena anamuthandiza. A Madamu sanawaletse.

Tinafika kumtunda tonse amoyo, onyowa, ndipo m'lole munalibenso nyimbo.

Lolemba m'mawa a Madamu anandibweza pakhomo la kalasi, akuti ndisaonekenso popanda kholo. Nditafika kunyumba ndinapeza nkhani yandipitirira kale. A Mbewe, akalaliki aja, anali atapita kuchigafa kwa abambo. Iwo ndiwo ankanong'oneza bwana za matenanti oyenera kutsala ndi oyenera kuchotsedwa nyengo ikatha, ndipo anawauza abambo pamaso pa anzawo kuti, "Mwana wanu anafuna kumiza ana a eni ake. Muganize bwino za chaka chamawa." Ife kochokera kunalibe munda. Kuchotsedwa pa esiteti kunali kugona panjira.

Ndinkayembekeza chikwapu, koma abambo sanandimenye. Anasamba m'manja mwakachetechete, anavala malaya awo a Lamulungu, kenako anathamangitsa tambala wathu, yekhayo amene tinali naye, n'kumumanga miyendo ndi luzi.

"Tiye," anatero.

Tinafika kunyumba za aphunzitsi masana, sukulu itaweruka. A Madamu anali pakhonde, akusankha mpunga m'lichero. Abambo anavula chipewa, anagwada pafumbi, ngakhale anali aakulu kwa a Madamu ndi zaka zambiri, n'kundikoka dzanja kuti nanenso ndigwade. A Madamu anapitiriza kusankha mpunga wawo ngati pabwalo palibe munthu. Ana a nyumba zoyandikana anasonkhana kumpanda kudzaonerera.

"Ana anuwa saphunzitsika," anatero pamapeto pake. "Timangotaya choko. Bwanji osamusiya azisoka fodya ngati anzake?"

"Zoona, Madamu, walakwa," anatero abambo, maso ali pansi. "Ndi mwana. Mutikhululukire ife makolo ake. Chonde abwerere m'kalasi."

Anasendeza tambala uja kutsogolo ndi manja awiri. A Madamu anaitana mwana wawo kuti amutengere kuseri, nati ndibwerere, koma ndikolope zimbudzi za atsikana mpaka teremu itatha.

Pobwerera ndinayenda patsogolo, mofulumira, osacheuka. Nthawi imeneyo ndinkadana ndi abambo kuposa a Madamu. Ndinkafuna akanakuwa, akanawauza za nthawi yanga yovala magalasi ija imene sinafike, akanaloza bala la pamphuno panga. M'malo mwake anavomera kuti "zoona". Titafika pa kamtsinje ka kumalire kwa esiteti anandiitana.

"Esinati, taima."

Ndinaima, koma sindinatembenuke.

"Wandikwiyira." Sanali kufunsa. Anakhala pamwala n'kuyamba kusasa fumbi la m'maondo ndi chipewa. "Maondowa ndi anga, fumbi likuchoka ili. Ndagwada kuti mawa ukalowe m'kalasi. Ukapanda kulowamo, udzagwadira anthu ngati amenewa moyo wako wonse, monga ine."

Misozi imene ndinaibisa kuyambira Loweruka inayamba kutsika yokha. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenako, ndi mawu otsika, ngati akuopa kuti wina angamve, anati:

"Tsono tandiuza. Zimaoneka bwanji nsombazo zikakhala kwawo? Ine ndimangoziona zouma pamsika."

Ndinawauza zonse, za miyala, za ndere, za kansomba kanandiyang'ana kaja. Anafunsa ngati zimagundana, ngati zimaphethira, ngati pansipo n'pozizira. Ankamvetsera kukamwa kuli yasa, munthu amene manja ake anali akuda ndi utomoni wa fodya. Sananene kuti ndinachita bwino, komanso sananene kuti ndinalakwa. Dzuwa litapendeka anaimirira nati fodya akudikira.

Zimbudzi ndinazikolopa teremu yonse, Lavunesi ndi anzake akuponda dala pamene ndakolopa. Ndinakhoza mayeso, ndinapita kusekondale, ndipo lero ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Dowa. Zaka zingapo zapitazo ndinakumana ndi a Madamu Mbewe mu minibasi, tsitsi litayera. Anandizindikira, n'kuuza munthu amene anakhala naye pafupi kuti, "Mwana wanga uyu, ndinamuphunzitsa ndine." Ndinawapatsa moni waulemu monga ayenera munthu wamkulu. Kumwetulira kokha kunandikanika, ndipo sindinadzikakamize.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti pali anthu amene akakuuza kuti udikire nthawi yako, amakhala atakonza kale kuti nthawiyo isafike, ndipo ukangokhala phee pamwala adzakuyamikira kuti uli ndi mwambo pamene boti likunyamuka. Zimenezi ndinaziphunzira msanga. Zimene zinanditengera zaka ndi za abambo. Ndinkayesa kuti olimba mtima pa nkhani yonseyi ndinali ine, amene ndinakana kudzutsa mutu m'madzi. Koma ine ndinachita zimene mtima wanga unkafuna, ndipo zinali zokoma. Iwo anachita zimene mtima wawo unkakana, ana a anthu akuonerera kumpanda, kuti ine ndisataye sukulu ndiponso kuti azing'ono anga asagone panjira. Abambo anamwalira adakali tenanti, pa esiteti ina ku Bowe, nyanja osaiona. Ndikawakumbukira atagwada pafumbi paja sindichitanso manyazi. Ndimakwiyira amene anakhala pakhonde akusankha mpunga.