Kachulu ka m'mbale ya amayi

Kamsika ka kwathu ku Kawale kanali ndi fungo lakelake: usipa wouma, makala onyowa ndi mafuta a tchipisi amene ankakazingira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka osawasintha. Benchi ya amayi anga, a Nyagondwe, inali yachitatu kuchokera pampopi. Ankagulitsa nyemba ndi mpunga. Bambo anali mesenjala m'tauni, koma malipiro awo ankangotilonjera n'kudutsa, choncho chimene chinkatisunga kwenikweni chinali matumba awiri aja ndi mbale imodzi yachitsulo yoyezera.

Mbale imeneyo inkandichititsa manyazi. Pansi pake panali potumphukira m'kati, ngati munthu anaimenya ndi nyundo kuchokera kunsi, ndipo ine ndinkapatcha kuti kachulu. Sindinkamvetsa kuti mayi waukhondo chonchija, amene ankasita bulauzi yake yoyera ya kutchalitchi kawiri asanavale, angasunge bwanji chiwiya chopunduka. Nditawafunsa tsiku lina, anangoti ndiisiye, ili ndi ntchito yake.

Amayi ankatchuka ndi basera. Akamaliza kuyeza, ankatapanso kadzanja ka nyemba n'kuwaza m'jumbo ya kasitomala, nkhope ili ndee ngati akuponya chopereka. Anthu ankachoka akuyamikira kuti a Nyagondwe ndi munthu wa Mulungu. Ine ndinkanyadira kwambiri, moti kusukulu ndinkauza anzanga kuti amayi anga amagawa nyemba zaulere.

Pa holide ya Sitandade 5 kunabwera uthenga woti amalume amwalira ku Rumphi. Amayi anamanga kachikwama mofulumira, n'kundisiya pabenchi masiku anayi. Anandiuza kuti mulu usamakwere kwambiri, basera ndi kadzanja kamodzi, ndipo a Nachisale a benchi yoyandikana nafe azindiyang'anira. Basi isanafike ndi ku Lumbadzi komwe, ine ndinali nditaganiza kale mphatso yoti ndiwakonzere amayi anga ofedwa.

Kuseri kwa msika kunali a Mbewe okhoma ndowa, bambo wamfupi amene sankamva bwino chifukwa cha phokoso la nyundo yake yomwe. Ndinawapatsa mbale ija n'kuwapempha kuti aiwongole. Anaitembenuza, n'kusisita kachulu kaja mwachikondi ngati akusisita mutu wa mwana wawo. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi ako akudziwa zimenezi?"

Ndinawauza kuti ayi, ndikufuna adzangoona. A Mbewe anamwetulira mpaka mano a m'mbali anaoneka. Anaika mbale pachitsulo chawo, n'kumenya kanayi kokha, pansi ponse n'kukhala see. Nditatulutsa ndalama yanga ya mandasi anakana, amvekere amayi ako adzabwera okha. Ndinabwerera kubenchi ndikuganiza kuti pa Kawale ponse panalibe munthu wokoma mtima ngati ameneyo.

Kasitomala woyamba anali mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Ndinamuyezera mbale imodzi, n'kuwaza basera mmene amayi ankachitira, ndi nkhope yomwe ndinatengera. Mayiyo ananyamula jumbo, n'kuigwedeza m'manja kuti amve kulemera kwake. Anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ine. Kenako anati ndimuwonjezere mbale zinayi, kunyumba kwabwera alendo. Ndikudziwa bwino kuti kunalibe mlendo aliyense.

Pofika masana pabenchi panali mzere. Mawa lake kunabwera anthu amene sindinawaonepo, ena a ku Biwi, ena a ku Chilinde, wina mpaka anabwera ndi ndowa panjinga. Akazi a akulu a mpingo anabwera, aphunzitsi anga a Sande sukulu anabwera, onse akundisisita mutu kuti ndine mwana wodalitsika. Pa gulu lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandinong'oneza kuti mwanawe, ukuwononga amako.

A Nachisale anakhala masiku awiri akuthamangitsa ntchentche pa nyemba zawo. Mbale yanga sanaiyang'ane n'komwe, chifukwa m'mutu mwa munthu wa pamsika simukanalowa ganizo loti wina angawongole mbale mwadala. Iwo anangotsimikiza kuti anthu a kumpoto awa asiya mankhwala pansi pa benchi. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawapeza akuwaza madzi a mchere kuzungulira malo awo, kwinaku akung'ung'udza pemphero.

Tsiku lomwelo matumba onse awiri anatha. Ndinawakutumula, n'kuwapinda bwinobwino, ndalama n'kumanga pa kansalu. Amayi atafika mawa lake, fumbi la ulendo lili kumapazi, ndinawathamangira ndi nkhani yabwino: katundu wa milungu iwiri ndamaliza masiku atatu. Analandira kansalu kaja n'kukayeza m'manja osamasula. Nkhope yawo inasintha. Anati ndibweretse mbale.

Anapititsa chala chachikulu pansi pake, kamodzi, kawiri. Kenako anakhala pansi pa matumba opanda kanthu aja. Ndinkayembekezera mthiko kapena patapata, ndipo kunena zoona bwenzi zitandipepukira akanandimenya. Koma anangoyang'ana m'mbale muja.

"Tiwonge mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "kachulu kaja n'komwe unkadya."

Madzulo ake, tikusankha tinyemba totsalira m'lichero, anandifotokozera mmene nyemba zimayendera zisanafike m'poto. Mlimi amazinyowetsa pang'ono kuti zilemere. Wopikula kumudzi ali ndi sikelo yodwala mbali imodzi. Thumba likafika m'tauni, pamwamba pamakhala nyemba zokongola, pansi pali mchenga ndi timiyala, ndipo zonsezo amayi ankagula pa mtengo wa nyemba. Onjezerani wa wilibala, wa tikiti ya msika, ndi makoswe amene sapempha. Ukati uyeze mbale yodzaza n'kukweza mtengo moona mtima, makasitomala onse amasamukira kwa a Nachisale, chifukwa munthu amalolera kuberedwa ndi womwetulira kusiyana ndi kuuzidwa zoona. Ndiye kachulu kamachotsa pang'ono, basera n'kubwezapo theka, aliyense n'kupita kwawo akuthokoza Mulungu.

M'mawa tinapita limodzi kwa a Mbewe. Anatiwonera patali n'kuyamba kukonzeratu nyundo. Ndi pomwe ndinadziwa kuti tichulu tonse ta pamsika paja ankakhoma ndi iwo, ndipo anali ndi mitengo iwiri, wa kachulu kaulemu ndi wa kachulu kopanda manyazi. Amayi analipira wa kaulemu. Patapita zaka ndinamva kuti a Mbewe akamakagula mpunga ankanyamula kapu yawoyawo.

Ndalama za m'kansalu muja zinangokwanira thumba limodzi la nyemba. Mpunga unathera pomwepo, ndipo sitinagulitsenso mpaka chaka chinatha. Nsapato zimene anandilonjeza zinapita ndi anthu a ku Biwi aja, ine n'kuyamba Sitandade 6 ndi patapata. Tiyi tinkamwa wopanda shuga. Koma izi zinali zazing'ono. Makasitomala atabwerera n'kupeza kachulu kali m'malo mwake, anayamba kugwedeza majumbo awo n'kumayang'anana. Mayi wa alendo abodza uja ndi amene analankhula mokweza kuti msika wonse umve.

"Mwana uja ndiye anali woona mtima. Koma amakewa!"

Amayi anawaza basera ngati kale. Mbale ya a Nachisale inali ndi chulu chachikulu kuposa chathu, koma iwo palibe anawatchula wakuba, chifukwa mbale yawo inali isanalankhulepo zoona ndi tsiku limodzi lomwe. Kwa miyezi ingapo bulauzi yoyera ija inakhala m'sutikesi, ndipo Lamlungu amayi ankakhala mzere wa kumbuyo. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa.

Masiku ano ndimagula zambiri m'masitolo aakulu, mmene mulibe mbale kapena dzanja la munthu. Koma ndili ndi matenda otembenuza chilichonse n'kuyang'ana kunsi. Botolo la mafuta odzola lili ndi kachulu. Sopo ali ndi kadzenje pakati. Paketi ya tchipisi theka ndi mpweya. Zonsezi amakonza ndi makina, anthu a madigiri ndi mataye, ndipo palibe amawakuwiza pamsika. Basera sapereka, ngakhale jumbo amakugulitsa.

Amayi anatisiya, mbale ija ili m'kabati mwanga pamodzi ndi mbale za alendo. Nyemba zokha ndimakagulabe ku Kawale, kwa mayi wina wowonda amene kamwana kake kamalemba homuweki kuseri kwa benchi. Tsiku loyamba chala changa chinapita chokha pansi pa mbale yake n'kukapeza kachulu. Mayiyo anauma, maso ali pa ine. Ndinamubwezera mbale n'kumuuza kuti ayeze zisanu. Akandiwazira basera ndimalandira ndi manja awiri n'kuthokoza kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti nyembazo ndi zanga kale.