Chaka Chimene Manachesi Anga Anaolera Pansi

Sendererani pafupi, inu a kumbuyoko bwerani kuno, mawu anga masiku ano safika patali. Amene akundilemberayu asandithamangitse, ndiyamba pamene nkhaniyi inayambira.

Ine sukulu sindinapiteko. Koma pasukulu ya pulayimale ya kwathu kuno kwa Kanduku ndinakhalapo m'komiti zaka zingapo. Anandisankhira pakamwa, osati china. Kuchigayo, kumjigo, pamaliro, ndikayamba kulankhula anthu amasiya zawo, ndiye anati ameneyu azitifalitsira mauthenga. Pakhomo ndinali ndi mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa malemu mwana wanga, amene chaka chimenecho anali mu Sitandade 8. Ndinalinso ndi mitengo ya manachesi imene anandisiyira amuna anga. Ndiyo inkatidyetsa. Manachesi akapsa, mtsikanayo ankasenza beseni kupita kumsewu wa phula kukagulitsa m'maminibasi ndi m'mathiraki opita ku Mozambiki, pena masiku awiri pa sabata, pena atatu. Ana onse a m'mudzi ankatero.

Chaka chimenecho kunabwera ahedi atsopano, mayi wamfupi woyenda mothamanga ngati mbuzi zamulowera m'munda. Atangofika anagula penti nalembetsa khoma lonse la ofesi, mizere mizere ya Chingerezi. Kenako anaitana makolo pansi pa mtengo wa mango natiwerengera, akumasulira. Munali za ukhondo, za kusunga nthawi, za kubzala mitengo, za atsikana, za maphunziro apamwamba, ndi zina zimene zinandidutsa. Anati amenewa ndi masomphenya a sukulu. Tinaomba m'manja, ena tikuyasamula. Pobalalika anatipempha kuti tikauze anzathu amene sanabwere.

Loweruka lotsatira, m'mamawa, anthu anadzaza pasukulu ndi makasu, zidebe ndi zikombole. Ahedi anatuluka m'nyumba ali ndi chitenje chokha paphewa, kufunsa kuti kwagwanji. Inu, chinachitika n'chakuti amene sanabwere kumsonkhano ankafunsa kuti ahedi akufuna chiyani, ndipo ife amene tinabwera, poti mutu sunagwire kanthu, tinkangoyankha kuti za chitukuko. Ndiye kuno kwathu chiyambire, ahedi akanena za chitukuko ndiye kuti kuumba njerwa. Anthu anaumbadi, poti dothi anali ataliponda kale.

Mayi uja anaseka nafe, koma kenako ndinawapeza atakhala pakhonde la ofesi, dzanja lili patsaya. Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinawauza mmene timatumira uthenga wa maliro: umanena amene wamwalira, mudzi wake ndi tsiku loika, basi, ndipo wotumidwayo amabwereza pamaso pako asananyamuke. Ukawonjezera za matenda ndi za kuchipatala, pofika kuseri kwa phiri wamwalira ndi munthu wina.

"Ahedi, khoma lanulo silingayende," ndinatero. "Pa zonse mwalembazi, chimene chikukudyani mumtima n'chiti? Mundipatse chimodzi, choti ine wosawerenga ndinyamule."

Ahedi anatha masabata atatu akuyenda. Ankakhala m'makalasi, ankafunsa aphunzitsi, ankatsegula makaundula akale, ndipo masana ena anthu anawaona ataima kumsewu, osagula kanthu, akungoyang'ana. Atatha anandiitanitsa, nandilowetsa m'kalasi ya Sitandade 7 ana ali mkati. Madesiki ambiri anali opanda anthu. Anandiuza kuti teremu yoyamba kalasi imeneyi imadzaza mpaka kukhomo, koma manachesi akangopsa ana amatha, ndipo ambiri opita kumsewu sabwereranso. Anyamata amazolowera kandalama, atsikana amazolowerana ndi oyendetsa mathiraki. Ukhondo ndi mitengo zidzabwera, anatero, koma sungaphunzitse desiki.

"Agogo, nyamulani ichi: nthawi ya manachesi, mwana akhale m'kalasi."

Ndinabwereza pamaso pawo, monga mwa mwambo wake. Iwonso anayamba kunena mawu omwewo paliponse, pamzere wa m'mawa, kwa aphunzitsi, kutchalitchi akapatsidwa mpata. Sankawonjezera, sankasintha. Ana anafika powasandutsa nyimbo yowaseka nayo akamadutsa, ndipo iwo ankangoti imbani, bola mukuimbira kusukulu.

Ine ndinaunyamula uthengawo ndi mphamvu zanga zonse. Koma tsiku lina kuchigayo, ndili pakati polankhula, mayi wina woyandikana naye nyumba, amene sitinkamwerana madzi chifukwa cha malire a munda, anatula thumba lake nandifunsa mokweza.

"Akomiti, nanga uja amathamangira mathiraki ndi beseni lobiriwira ndi mdzukulu wa ndani?"

Chigayo chinali chitazima, ndiye aliyense anamva. Mumtima ndinkadziuza kuti zanga n'zosiyana: ndine wamasiye, mawondo anatha, mwanayo ndi wanzeru adzawapeza anzake. Koma aliyense pamzere paja anali ndi zakezake zosiyana.

Ndinapita kwa ahedi kukatula pansi udindo. Anakana. Anati kaundula amawerenga tsiku lililonse, za mdzukulu wanga ankazidziwa pamene ankandipatsa uthenga uja, ndipo mayeso a Sitandade 8 atsala masabata owerengeka. Mtsikanayo akapitiriza kujomba, anatero, adzalowa m'chipinda cha mayeso ngati mlendo. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti beseni mawa asenza ndani.

Madzulo ake ndinaitana mwana wanga wamwamuna, malume ake a mtsikanayo, amene amaotcha makala, n'kumuuza kuti mtsikanayo sapitanso kumsewu, beseni atisenzere iye. Iye anati ndapenga. Anati sukulu sidyetsa munthu chaka chomwecho, ndipo iye sangasiye uvuni wake kukagulitsa zipatso.

"Amayi, manachesi sadikira mayeso."

"Mtengo uberekanso chaka chamawa. Iwe unasiyira Sitandade 5 chifukwa cha beseni lomweli, ndipo ndinakusenzetsa ndine. Kawiri ayi."

Mtsikanayonso sanakondwe. Kumsewu kunali anzake, kunali tchipisi, ndipo ankadziwa timawu ta Chipwitikizi tokopera madalaivala. Nditamuuza kuti beseni ndisenza ndekha, anati ndikagwa pamsewu paja. Ndinati ndikagwa ndidzuka.

Ndinapita ndekha. Ndikuuzeni, malonda a pamsewu ndi a miyendo. Minibasi ikaima, atsikana ndi amayi achitsikana amakhala afika kale pamawindo, ine ndikadali kudzuka. Pofika ine, kondakitala wamenya kale chitseko. Ndinkabwerera ndi beseni lolemera monga ndinapitira, khosi likuwawa. Kunyumba manachesi anayamba kugwa okha. Pansi pa mitengo panali chikasu chokhachokha, ntchentche ndi fungo lowawasa, mbuzi zinadya mpaka kutopa nawo. Mitengo iwiri ndinagulitsa yathunthu, zipatso zili m'mwamba momwemo, kwa venda wa ku Blantyre pamtengo woti sindifuna kuukumbukira. Ndiwo zathu zinali masamba a maungu ndi mchere.

Mmawa wina ndinadzuka n'kupeza beseni palibe, yunifolomu ili pachingwe. Mwanayo anandimvera chisoni. Ndinatenga yunifolomuyo ndi ndodo yanga, n'kutsata kanjira kotsetsereka kopita kumsewu. Ndinamupeza pamtsinje atatula kuti apume, pali amayi akuchapa. Analira, nati sangamakhale m'kalasi ine ndikuvutika, manachesi akuola.

"Aole," ndinatero. "Vala."

Anavalira pomwepo kuseri kwa bango. Beseni ndinalisiya pamwala, ndinauza amayi aja kuti adye, ndipo ndinakwera naye phiri mpaka pakhomo la kalasi. Aphunzitsi anasiya kulemba pabolodi. Ine ndinakhala panja pansi pa windo kufikira belu lowerukira. Mawa lake ndinateronso, ndi mkuja wake. Tsiku lachinayi anandiuza yekha kuti nditsale, ndikumuchititsa manyazi.

Nkhani ya pamtsinje inayenda kuposa mmene ndinkayendetsera uthenga ndi pakamwa. Agogo ena atatu anabweza adzukulu awo kusukulu, n'kubwera kudzakhala nane kumsewu. Tinayala masaka pamthunzi malo amodzi, osathamanga, ndipo madalaivala ena anayamba kutsika okha kudzasankha. Sikuti mudzi wonse unatembenuka, ayi. Ena anapitiriza kutuma ana, ndipo atsikana awiri a kalasi ya mdzukulu wanga sanalembe.

Wanga analemba. Dzina lake linatuluka, anamusankhira kusekondale yoyendera, ndipo pano ali Folomu 3, amapalasa njinga yobwereka kwa malume ake. Malumewo akuotchabe makala, ndipo mpaka lero amati ndinataya chaka chathunthu cha zipatso, koma mwana wake woyamba sanamutumepo kumsewu. Mayi wa kuchigayo uja tikukanganabe za malire, ngakhale kuti pamsewu timayala saka limodzi. Ahedi anakhala nafe zaka zitatu, kenako anawasamutsira kusukulu ina ya kwa Nthache, ndipo ndimamva kuti kumeneko akulimbana ndi ana osenza makala. Ine m'komiti ndinatulukamo chaka chatha, phiri lija lakula kuposa mawondo anga. Panopa ndimathirira mbande za manachesi kuseri kwa nyumba, poti mitengo itatu yakale inauma.