Tinakana Kukhala Chete Mpaka ku Cuamba

Tinanyamuka ku Massangulo kukucha, ine ndi amayi awiri a mpingo wathu, Mayi Rosa ndi Mayi Filomena. Mng'ono wanga Lusiya anali atamwalira ku Cuamba, ndipo uthenga unati aika masana omwewo chifukwa kunkatentha. Kwathu munthu sapita ku maliro a m'bale wake ali duu ngati akukagula feteleza. Timaimba njira yonse, kuti wokumana nafe adziwe kuti kwagwa zovuta.

Shapa yoyamba, minibasi ya metikali mazana awiri, inatifikitsa ku Mandimba popanda wotiletsa. Tinagula mikate ndi nthochi, n'kukwera ya ku Cuamba, yodzaza thothotho, madengu a nsomba zouma ali kumapazi. Kutsogolo kunali bambo ena a tayi amene analipira mipando iwiri, wina wawo, wina wa chikwama.

Titangotuluka m'tauni tinayamba nyimbo. Bambo aja anacheuka, foni ili kukhutu.

"Ladies, could you keep it down, please?"

"Akuti chiyani?" anafunsa Mayi Rosa.

Chingerezi ndinachiphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo, ndiye sichindiopsa. "Akuti titsitse mawu. Koma apempha mwaulemu."

Ndinawauza bambowo m'Chinyanja kuti tikupita ku maliro. Anangoloza foni, ati ali pa msonkhano ndi mabwana awo. Tinatsitsadi, poti munthu wapempha bwino.

Koma Chingerezi chotontholetsa anthu chili ndi makwerero, ndipo bambo aja anawakwera onse. Dzuwa litakwera anati, "Quiet, please." Tisanafike pa Mississi anaika chala pakamwa: "Shush!" Ine mayi wa ana asanu, kundichita ngati mwana wa m'kalasi! Titadutsa pamenepo ulemu unawathera.

"Oh, shut up!"

"Nanga apa akuti chiyani?" anatero Mayi Filomena.

"Apa atitukwana, mayi. Akuti titseke pakamwa."

Kenako anaitana kobradori, mnyamata wotolera ndalama, n'kumuuza m'Chipwitikizi kuti asankhe: titsike ife, kapena awabwezere ndalama za mipando yawo. Mnyamatayo anakanda mutu. "Amayi, mwina mutsike, mudikire ina."

Ndinayang'ana panja. Tchire lokhalokha, ndipo ina yake palibe ankadziwa kuti ibwera liti. Kutsika pamenepo kunali kukapeza Lusiya atakwiriridwa kale. Mtima unandiwira.

"Bambo," ndinatero, "mabwana anuwo muwapeza mawa. Mng'ono wangayo ndikumuona lero lokha." Ndipo poti amakonda Chingerezi, ndinawapatsa chawo: "No, sir. Not today."

Ndinayambitsa nyimbo ina ndi mawu anga onse, misozi ikutsika. Kumbuyo kunali mkulu wina wa Chiyao wovala kofia, mwini madengu a nsomba aja. Nyimbo zathu si za chipembedzo chawo, koma anamenya denga la shapa ndi chikhatho.

"Akatsika amayiwa, titsika tonse! Iwe kobradori, kwanu sikufa anthu?"

Dalaivala sanaponde n'komwe buleki. Amayi ena a Chilomwe analowa m'nyimbo ngakhale mawu sankawadziwa. Bambo a tayi anazimitsa foni, n'kuyang'ana kutsogolo mpaka ku Cuamba.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono, n'kukwera njinga zamoto zitatu. Pakhomo tinapeza bokosi likutuluka m'nyumba. Atamva nyimbo yathu, amuna analitsitsa, n'kulitsegula kuti ndione nkhope.

Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti mawu ofatsa ndi mawu achipongwe nthawi zina amafuna chinthu chimodzi, amangosiyana kavalidwe. Wondipempha bwino ndimumvera, ngakhale m'chilankhulo cha eni ake. Koma pa tsiku la m'bale wanga, pakamwa panga satseka munthu. Lusiya ndinamuona, ndipo ndinamuperekeza ndikuimba mpaka kumanda.