Purosesa si belo la fodya

Ndinanyamuka pa Chisemphere Lachiwiri m'mawa, kukuzizira monga kumachitira mu Julaye. Ndalama za mabelo anayi ndinazisokera m'thumba la mkati mwa jekete. Limbani, mwana wanga woyamba, anandiperekeza mpaka pamsewu.

Ulendowu unali wa iyeyu. Anamaliza Fomu 4, ntchito palibe. Fodya anakana. Anandiuza poyera kuti ndalima moyo wanga wonse koma nyumba ikadali yaudzu. Maganizo ake anali otsegula kachipinda ka magemu kuseri kwa golosale pa siteji, anyamata azisewera mpira pa kompyuta n'kumalipira. Zikakanika mvula isanagwe, apita ku Joni. Mwana wa mkulu wanga anapita komweko. Tinalandira bokosi la maliro.

Sikirini, sola, batire ndi mapadi awiri osewerera anali atatolera kale pang'onopang'ono. Chinatsala ndi purosesa, kachitsulo kamene kamayendetsa kompyuta yonse, ndi bolodi lokhalapo kachitsuloko. Iye sakanabwera. Jeke yodindira mabelo otsala tinali titabwereka masiku ochepa, ndipo thiransipoti ya anthu awiri inali yambiri.

"Ilipo mitundu iwiri, ababa," anatero. "Ya bokosi labuluu ndi ya bokosi lofiira. Za pakamwa pawo musamvere. Auzeni ayatse gemu ya mpira, muone nambala ya pakona. Ikapitirira 60, ndiye kuti zikuyenda."

Matola a ku Boma anandidya K5,000. Ndinakhala pa thumba la soya, miyendo m'mwamba. Pa Kasungu ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. K18,000. Woitanira ankakuwa kuti kwatsala anthu awiri okha. Anakuwa choncho mpaka dzuwa linakwera, anthu awiriwo osatha.

Pa Chinkhoma malole a mabelo anali atandanda kunja kwa okushoni, madalaivala akuwotha dzuwa pansi. Munthu amene ndinakhala naye anayang'ana kumbali. Anali tenanti wa pa esiteti ina ku Kaomba, kwawo ku Mulanje. Anati bwana wake wamuwerengera chimanga, mchere ndi mankhwala a mwana, chotsala n'chimene chili pamiyendo pakepo. Chinali chikwama ndi wailesi. Anandifunsa kumene ndikupita. Ndinati kokagula purosesa. Anafunsa ngati ndi yogayira chimanga. Ndinati eya. Kufotokoza kunali kutali.

Tinawoloka Bua, madzi atachepa. Pa Mponela dalaivala anaona mzere wa mafuta ukusuntha, n'kulowamo ndi ife tonse. Palibe anadandaula. Ndinagula chimanga chootcha, tinagawana ndi wa ku Mulanje uja. Pa Kanengo fungo la fodya linalowa pazenera, fungo la m'chigafa changa lomwe. Mu Lilongwe tinalowa dzuwa litapendeka.

Masitolo a makompyuta ndinawapeza kuseri kwa depoti, m'kanjira konunkha mafuta a chipisi. Awiri anali oyandikana, khoma limodzi. Ku lamanja kunali mnyamata wa tcheni m'khosi, dzina lake Gifiti. Ku lamanzere mtsikana wa magalasi, Tadala. Gifiti anandikoka dzanja ndisananene kanthu.

"Madala, kuno ndi kwa buluu. Uko musapiteko, amagulitsa njinga yakapalasa."

"Njinga imafika," anatero Tadala ali pakhomo pake. "Lole yako imafuna dizilo."

Ndinachita zimene Limbani ananena. Gifiti anayatsa mpira. Nambala ya pakona inapitirira 100. Tiosewera tinkathamanga ngati anthu enieni, udzu wa m'bwalo ukuoneka umodziumodzi. Anayatsanso gemu yowomberana mfuti, nambala sinatsike kwenikweni. Koma m'kompyutamo fani inkalira ngati chigayo. Ndinaika dzanja kumbuyo kwake. Mpweya wake unali wotentha, woumitsa fodya. Ndinafunsa ngati batire ya sola ingakwanitse. Anayamba kukanda m'mutu, akuti ndiwonjezere mabatire. Kenako zinatuluka zina. Purosesa yakeyo payokha sionetsa chithunzi, imafuna khadi lina lapadera. Zonse pamodzi ndi bolodi, K1,100,000. Ine m'jekete munali K650,000, ya basi yobwerera ili momwemo.

Kwa Tadala mpira womwewo unayenda pa 70, nthawi zina kutsika pang'ono pamene tiosewera tadzadzana pagolo. Ndi maso anga sindinaone kusiyana. Pa gemu ya mfuti mpamene yofiira yakeyo inagonja. Nambala inagwera m'ma 40, ndipo iye sanabise. Anati ikakhala ya mfuti, mnzakeyo wapambana, koma anyamata a pa siteji amafuna mpira. Yake zithunzi zili mkati momwemo, khadi silifunika. Ndinaikanso dzanja. Kunali kofunda chabe. Fani sinkamveka.

Ndinazimva. Ndakhalapo ndi ng'ombe ziwiri za ngolo. Ina inali yamphamvu, koma inkadya ngati ziwiri. Inayo inali yochepa thupi, yosatopa. Chaka cha chilala ndinagulitsa yamphamvuyo.

Mtengo wa yofiira ndi bolodi lake unali K620,000. Ndinati K550,000. Tadala anatsika kufika K600,000, akuti pamenepo wafika pa fupa. Anati yatsala imodzi yokha ya katundu wakale, yobwera kumene idzakhala ndi mtengo wina chifukwa dola yakwera.

Mawu amenewo ndinawadziwa. Aliyense wogula kapena wogulitsa ali nawo ake. Ku okushoni, wogula akalemba mtengo wachipongwe pa belo lako, sulira. Umang'amba tikiti. Belo limachoka pamzere, n'kudzabweranso tsiku lina. Ndachita zimenezo kangapo, ndipo nthawi zambiri mtengo wachiwiri unkandikomera. Wopupuluma ndiye amadyedwa. Ndinatuluka panja n'kuimbira Limbani. Ndinamuuza manambala onse ndi mitengo.

"Yofiirayo, ababa. Gulani lero lomwe."

Ndinati mawa atsitsa.

"Ababa, chonde. Zimenezo si fodya."

"Ndinayamba kugulitsa iwe usanabadwe," ndinatero, n'kudula foni.

Ndinabwerera m'sitolo kukatsanzika, kuti aone kuti ndikupitadi. Tadala anati ndisiyeko kachikole, andisungire. Ndinakana. Ukasiya chikole wavomera mtengo. Gifiti anaseka pakhomo pake, akuti madala ndi ouma ngati chikopa.

Ndinagona kwa mlamu wanga ku Mchesi, jekete ili m'thupi. Mlamuyo anati mtauni muno chinthu ukachiona m'mawa, madzulo chakula mtengo, ngakhale sopo. Ndinati sopo ndi sopo.

Lachitatu ndinafika sitolo isanatsegulidwe. Ndinadikira pakhonde, ndikudya chipisi cha K2,000 chozizira. Tadala atafika anandipatsa moni mwaulemu, koma maso sanandiyang'ane. Pashelefu pamene panali bokosi lofiira panali fumbi lokha, lamakona anayi.

"Inapita dzulo lomwelo, bambo. Mutangochoka. Mnyamata wina wa ku Area 25."

Anatulutsa katoni yatsopano pansi pa kauntala. Purosesa yomweyo, bokosi lomwelo, nambala ya pakona yomweyo. K800,000. Ndinafunsa chimene chawonjezekamo. Anati palibe. Abwana ake madola amagula pamsewu, ndipo pamsewu akwera. Ndinati nanenso fodya wanga amagulidwa m'madola. Anafunsa ngati madolawo ndimawagwira m'manja. Sindiwagwira. Amafika ku banki ali makwacha kale, pa mtengo wa banki.

Ndinang'amba ulusi wa jekete, n'kuika ndalama zonse pa kauntala, ya basi yomwe. Ndinati ndiyenda wapansi. Anaimbira abwana ake ine ndili pomwepo. Ndinamva mawu a mu foni. Anali amodzi: ayi.

Gifiti anandiitana. Lero analibe nthabwala. Anati ali ndi yabuluu yakale, yochotsa mu kompyuta ya mu ofesi, K300,000 ndi bolodi. Ndinati ayatse mpira. Nambala inali 22. Tiosewera tinkayenda ngati ng'ombe m'matope, mpira ukuchoka pa phazi n'kupezeka uli kale panja. Anati ana akumudzi sangadziwe. Ndinati ana akumudzi ali ndi maso, ndipo ndalama yawo ndi ya ganyu. Ndinazungulira masitolo ena mpaka masana. Kwina K820,000. Kwina analibe. Kwina anangondiyang'ana nsapato.

Ndinagonanso ku Mchesi. Limbani anaimba kawiri. Sindinayankhe.

Lachinayi minibasi yobwerera inali K20,000. Kondakitala anati mafuta agula a m'zigubu. Sindinakangane naye. Pa Lumbadzi mayi wina anakwera ndi nkhuku, inandijompha bondo mpaka pa Madisi. Pa Chinkhoma malole aja anali pomwe paja. Ndinaganiza za mabelo otsala. Ndi a masamba apansi, ophwanyika. Ngakhale atagulidwa bwino, ndalama yake ndi ya feteleza, ndipo pofika tsikulo purosesa idzakhala itakweranso. Ndinawerengera njira zonse kuyambira pamenepo mpaka pa Boma. Sizinakumane.

Pa Chisemphere ndinatsika dzuwa likadali. Limbani anali pamsewu, manja akuda ndi phula la fodya. Analandira chikwama. Anachinyamula m'mwamba pang'ono, monga timayesera belo tisanaliike pa sikelo. Sanachitsegule. Tinadutsa pa golosale paja. Chitseko cha kachipinda anali atachipaka kale utoto wobiriwira, mabenchi awiri ali panja kuti aume.

Ndinamuuza zonse tikuyenda, osachotsera. Sanandidzudzule. Akanandidzudzula zikanandipepukira. Anangoti jeke wabweza, mabelo ali m'chigafa.

Chimene ndinaphunzira n'chochepa. Wogula fodya amadziwa kuti belo likudikira iye. Purosesa siidikira munthu wa makwacha. Yofiira ndiyo yoyenera ndalama yake, ngati wina akufuna kudziwa, bola agule tsiku limene waiona.

Tisanafike pakhomo, amake asanatione, ndinaima pa mtengo wa mango. Ndinatulutsa ndalama zija n'kumupatsa.

"Za chiyani, ababa?"

"Za pasipoti ndi basi. Ukagule jekete yeniyeni. Akuti kumeneko kumazizira."

Anazilandira ndi manja awiri.